Musanagule mphete ya golide, iyezeni m'madzi

Inu ogula mphete kwa mavenda ku Limbe kapena m'tauni, musamangokopeka ndi kunyezimira. Pezani kasikelo ka manambala kotha kuwerenga mpaka 0.01 g. Yezani mpheteyo, mulembe kulemera kwake. Kenako ikani kapu ya madzi pasikelopo, dinani ibwerere pa ziro. Mangani mpheteyo ndi ulusi, muimize yonse m'madzimo ikulendewera, osakhudza pansi kapena m'mbali. Tithovu tikamatirira, igwedezeni pang'ono tichoke. Nambala yoyamba ija muigawe ndi yomwe yaoneka pasikelo mpheteyo ili m'madzi.

Golide wosasakaniza amapereka 19.3, wa 18 karati (wosakaniza ndi zitsulo zina) cha m'ma 15. Mukapeza 8 kapena 9, umenewo ukhoza kukhala mkuwa wongopakidwa golide pamwamba, chonde musatulutse ndalama. Koma mphete yokhala ndi mwala kapena yamphako mkati imasokoneza nambalayi. Imeneyo kaionetseni kwa odziwa.