Kuwerenga ma byte mu Java osawononga fayilo

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya Java ikamakopa zithunzi za minda yomwe inamira ku Makhanga, zina zikutuluka zoduka, zina zowonongeka. Chitani chonchi.

Tsegulani fayilo ndi FileInputStream (chida chowerengera fayilo, tichitche mtsinje) mkati mwa try-with-resources, yomwe inabwera ndi Java 7. Imeneyi imatseka fayiloyo yokha ngakhale zinthu zitavuta pakati. Kenako konzani chidebe chosungira ma byte, tizidutswa ta deta timene timapanga fayilo: byte[] chidebe = new byte[8192].

Tsopano tungani mobwerezabwereza: int n = mtsinje.read(chidebe). Ambiri amagwera pamenepa. Chidebecho sichidzadza nthawi zonse, makamaka ulendo womaliza kapena deta ikamachokera pa intaneti. n ndiye amakuuzani ma byte omwe alowadi, ndiye lembani okhawo mu fayilo yatsopano: write(chidebe, 0, n). Mukakhuthula chidebe chonse, zotsalira za ulendo wapitawo zilowanso m'chithunzi. n akakhala -1, fayilo yatha, imani.

Ngati mukuwerenga imodziimodzi ndi read(), sungani yankho mu int, osati mu byte. Limakhala pakati pa 0 ndi 255, koma 255 ikalowa mu byte imasanduka -1. Chithunzi cha JPEG chimayamba ndi 255 yemweyo, choncho pulogalamu imaganiza kuti yamaliza isanayambe n'komwe. Ndikuganiza kuti vuto lanu lagona apa.

Fayilo yaying'ono, readAllBytes() ya Java 9 ikukwanirani. Koma akakhala mawu, kutani mtsinjewo ndi InputStreamReader ya UTF-8 (njira yosungira zilembo m'ma byte), yomwe imasandutsa ma byte kukhala zilembo, chifukwa ŵ wa mu Malaŵi amatenga ma byte awiri.