Momwe mungachitire m'bale wanu akamangidwa ndi apolisi

Uthenga woti m'bale ali m'chitokosi umabwera mwadzidzidzi, ndipo ambiri amayamba ndi kusakasaka ndalama. Musafulumire kugulitsa mbuzi.

Pitani kupolisi komwe akusungidwa, mufunse mlandu womwe akumuganizira, ndipo mulembe tsiku ndi ola lomwe wamangidwa. Ola limeneli ndi lofunika kwambiri. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Nthawiyo ikathera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku latchuthi, apite tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Mukamuona, mukumbutseni kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, komanso asasainire kalata yomwe sanaimvetse.

Kenako pemphani belo. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi okha angathe kumutulutsa, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndikubwereza: yaulere. Zimandipweteka mtima kuona mayi akukongola katapila kuti alipire chinthu chomwe lamulo linamupatsa kale. Wina akakuitanitsani "kangachepe", chimenecho ndi chiphuphu, ndipo mungakadandaule kwa mkulu wa polisiyo kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Apolisi akakana, belo mukaipemphe kukhoti. Milandu yambiri imayambira kwa majisitireti. Konzekeranitu anthu omuimira, okhala ndi chiphaso cha unzika komanso odziwika komwe amakhala, chifukwa khoti limafuna kutsimikiza kuti sathawa kapena kusokoneza mboni. Likalamula kuti mupereke ndalama, lipirani ku ofesi ya khoti ndipo musunge risiti. Woimbidwa mlandu akapanda kujomba, ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha. Koma pa mlandu wakupha kapena woukira boma, majisitireti alibe mphamvu yopereka belo. Pamenepo mupite ku Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Pofunika kusamala kwambiri ndi tsiku lowerengeredwa mlandu. Khoti lidzamufunsa ngati akuvomera kapena akukana. Ena amangovomera poganiza kuti nkhani ithe msanga abwerere kwawo, kenako n'kupezeka ali ku Maula kapena ku Chichiri. Munthu akavomera, mboni siziitanidwanso. Khoti limangomva momwe nkhani inayendera n'kupereka chilango. Akakana, ndi udindo wa boma kubweretsa umboni wokwanira, ndipo iye ali ndi mwayi wofunsa mboni iliyonse mafunso. Ngati mlandu ukuyankhulidwa m'Chingerezi ndipo sakumva, anene, pakhale womasulira.

Mulibe ndalama ya loya? Pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe limaimira anthu osowa. Ngati womangidwayo sanakwane zaka 18, uzani apolisi msanga ndipo bweretsani umboni wa zaka zake: sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake imapita kukhoti la ana.

Chigamulo cha majisitireti chikapanda kukukomerani, mungachite apilo ku Khoti Lalikulu, ndipo kuchoka apo ku Khoti la Suprimu, lomwe ndi lomaliza. Masiku ochitira apilo ndi owerengeka, choncho funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo, musanakwere minibasi.