Mwana wazulidwa dzino: zoti mudziwe musanatuluke m'chipinda cha dokotala

Kuzula dzino la mwana nthawi zambiri sikutenga mphindi khumi. Ine ntchito yanga ndi kuthandiza dokotala wa mano: kumupatsira zida, kugwira mwana dzanja, kupukuta misozi. Zimenezo ndinazizolowera. Zomwe zimandidetsa nkhawa ndi mphindi zisanu zotsatira, pamene tikuuza kholo zokachita kunyumba, ilo maso ali pa mwana amene akusisima, pakamwa pakungotuluka "eya, eya, ndamva".

Mayi wina anabweranso m'mawa mwake atapsa mtima. Mlomo wam'munsi wa mwana wake unali utatupa, pakati pali chilonda choyera. Iye ankati tamuwotcha mwanayo ndi mankhwala. Zoona zake zinali zakuti jakisoni wochititsa dzanzi amagwira kwa maola awiri mpaka anayi, ndipo mwanayo, posamva kuwawa, anatafuna mlomo wake ulendo wonse wobwerera kwawo. Tinali titawauza mayiwo. Koma tinawauza mothamanga, pamodzi ndi zinthu zina zisanu ndi ziwiri, ndiye sindiwaimba mlandu. Kuyambira tsiku limenelo ndikatha kufotokoza ndimafunsa kuti, "Amayi, tandiuzeni, mukafika kunyumba muyamba ndi chiyani?" Akasowa chonena ndimayambiranso, osawachititsa manyazi.

Inunso chitani zomwezo ngakhale musanafunsidwe. Bwerezani mokweza zomwe mwauzidwa kuti dokotala akukonzeni pomwe mwaphonya. Pemphani akulembereni. Ngati amene adzasamale mwanayo masana ndi munthu wina, mubwere naye, chifukwa malangizo akadutsa pakamwa pa anthu awiri amafika atasintha.

Chinthu chachikulu choti mumvetse ndi chimodzi. Pomwe pachoka dzino pamatsala dzenje, ndipo m'dzenjemo magazi amaundana n'kukhala ngati chivindikiro. Pansi pa chivindikirocho ndi pomwe nkhama imayambira kumera. Malamulo onse a tsiku loyamba cholinga chake n'kuteteza magazi oundanawo. Mukamvetsa zimenezi simufunikanso kuloweza mndandanda.

Choncho mwana alume thonje lomwe dokotala waika padzenjepo kwa mphindi 30, osalitafuna, osalichotsachotsa kuti aone. Tsiku lonse loyamba asachukuche m'kamwa, asalavulelavule, asamwere kapaipi, asapisemo chala kapena lilime. Malovu ofiirirako ndi abwinobwino. Kadontho ka magazi kakasakanikirana ndi malovu kamaoneka ngati magazi ambiri, ndipo apa ndi pomwe makolo ambiri amachita mantha n'kumuchukuchitsa mwana madzi, magaziwo n'kuyambiranso. Akamatuluka enieni, pindani kansalu koyera bwino, kanyowetseni pang'ono, alumenso mphindi 20 mpaka 30 atakhala tsonga. Akapitirirabe pambuyo pa zimenezo, bwererani kuchipatala.

Dzanzi lisanathe musam'patse chotafuna kapena chotentha, ndipo mlomo wake muziuyang'anira inuyo. Likatha adye zofewa, zofunda pang'ono, atafunire mbali inayo. Masewera othamanga adikire mawa.

Za mankhwala opha ululu ndimalankhula mosanyengerera. Paracetamol amaperekedwa potengera kulemera kwa mwana, pakadutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira kanayi pa tsiku. Funsani mlingo wake musanachoke, musaganizire. Asipulini ayi: amachedwetsa magazi kuundana, komanso kwa ana osakwana zaka 16 angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye. Kuika mbulu wa mankhwala pachilonda penipeni kumangowotcha nkhama.

Pakatha maola 24, mwana amene amatha kulavula achukuche modekha madzi ofunda othira theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi, akatha kudya. Mano enawo atsukidwe monga mwa masiku onse, mswachi uzingolambalala pachilondapo. Ululu uyenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Ukakula pa tsiku lachitatu, m'kamwa n'kumanunkha, kapena tsaya likamatupirabe, thupi kutentha, musadikire. Kutupa kukafika kufupi ndi diso kapena pansi pa chibwano, kapena mwana akamavutika kumeza, pitani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.

Tsopano gawo lomwe makolo ambiri safuna kulimva. Dzino tachotsa, koma chomwe chinaliwoletsa mwapita nacho kunyumba. Tizilombo ta m'kamwa tikapeza shuga timapanga asidi, ndipo asidiyo amadya dzino kwa mphindi 20 mpaka 30 nthawi iliyonse mwana akalawa chotsekemera. Ndiye vuto lalikulu ndi kangati pa tsiku, kuposa kuchuluka kwake. Switi mmodzi wodyedwa pamodzi ndi chakudya sawononga ngati chakumwa chotsekemera chomwe mwana akupsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Choipitsitsa ndi botolo logona nalo, chifukwa munthu akagona malovu amachepa, ndipo malovuwo ndi amene amatsuka asidi. Ndaonapo ana ogonetsedwa tulo ndi mankhwala kuti akonzedwe m'kamwa monse tsiku limodzi, chaka chisanathe n'kubweranso ndi mabowo atsopano, botolo lili m'chikwama cha mayi. Lipoti la 2022 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati ana pafupifupi 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano oyamba owola, ndiye musadzione ngati kholo lolephera. Ingosinthani zomwe zili m'manja mwanu.

Tsukani mano a mwana kawiri pa tsiku, makamaka asanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mankhwala olimbitsa mano, wosachepera 1000 ppm (nambalayo imalembedwa pachubu). Wosakwana zaka zitatu muikireni kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi ngati njere ya nsawawa. Alavule thovu koma asachukuche ndi madzi. Ndipo muzimutsuka ndinu, kapena muzimalizitsa pomwe wasiya, mpaka afike zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Mwana amene satha kumanga zingwe za nsapato sangathenso kufika kumano akumbuyo.

Mawu akuti "si agweruka basi" ndimawamva sabata iliyonse. Mano oyamba alipo 20, ndipo akumbuyo amakhala mpaka zaka 10 kapena 12, akusungira malo mano achikulire. Limodzi likachoka msanga, oyandikana nalo amatsetserekera mumpatamo, lachikulire n'kudzamera mopotoka. Funsani dokotala ngati pakufunika kachitsulo kosunga mpatawo, ndipo tsiku lobwereranso lilembeni pomwe muziliona.

Kamodzi pa mwezi mugonekeni mwana pamiyendo panu pamalo owala, mukweze mlomo wam'mwamba, muyang'ane m'mphepete mwa nkhama. Mawanga oyera ngati choko ndi chiyambi cha kuwola, ndipo pamenepo dzino lingachirebe popanda kuboola. Akafika zaka zisanu ndi chimodzi suzumirani kumbuyo kwenikweni: kumamera dzino lachikulire popanda lina kugweruka, ndipo makolo ambiri amaliyesa loyamba. Limenelo likazulidwa silimeranso.