Kupita ndi ana kunyanja mu June kapena July: yambani mwafunsa za mwera

Anthu ambiri muno mu Lilongwe akati "tiyeni kunyanja" amaganiza za October kapena Khirisimasi. Kwathu tinasiya zimenezo. Mu October ku Salima mwana wa zaka 2 amachezera kulira ndi thukuta, ndipo pa Khirisimasi malo ogona amadzaza, mitengo n'kukwera ngati ya feteleza. Ife timapita mu June kapena July, nthawi yomwe madzi a pampopi ku Area 25 amaluma zala m'mawa. Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira 1,000, pomwe nyanja ili cha m'ma 470, choncho mukangotsika zitunda za msewu wa Salima juzi mumavula. Masana kumafunda bwino, mvula kulibe, misewu yafumbi ndi youma. Ulendowu ndauyenda katatu ndi ana awiri, ndipo umu ndi mmene ndimaukonzera.

Choyamba, njira

Ine ndimakonda njira yozungulira, yosabwerera komwe wadzera. Kuchoka mu Lilongwe pa M14 kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena 20 kukafika ku Senga Bay. Mugone kumeneko masiku awiri. Mukatero mutenge M5 kulowera kumwera, kudutsa Chipoka, Mtakataka ndi Mua, n'kukhotera M10 wopita ku Monkey Bay, komwe mumapatukira ku Cape Maclear. Pobwerera mukwera phiri la Golomoti, kutulukira pa Masasa pa M1, kenako Dedza, kenako kunyumba. Masiku asanu amakwana, ndipo palibe tsiku lomwe mungakhale pachiwongolero kupitirira maola atatu kapena anayi. Alipo omwe angakuuzeni kuti Chintheche ndi Nkhata Bay ndiye kokongola kwambiri. Sakunama, koma amenewo ana awo anakula. Ndi mwana wovala thewera, ulendo umenewo usungeni.

Miyezi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Konzani kuti pofika 4 koloko mukhale mwafika komwe mukugona. Misewu ya m'mbali mwa nyanja kukada imadzaza akabaza opanda nyali, ngolo ndi mbuzi.

Chachiwiri, galimoto ndi mafuta

Za COF (chiphaso chakuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), inshuwalansi ndi laisensi sindinenapo, marodibuloko athu mukuwadziwa. Tayala la sipeya litsitseni mulione ngati lili ndi mpweya, osangokhulupirira kuti lilimo. Thanki dzazani muno dzulo lake, ndipo paliponse pomwe mwapeza mafuta popanda mzere wautali, onjezerani ngakhale geji ili pakati. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu ndi othawira pamavuto basi: mtengo wake ndi wolanga, ndipo ena amasakaniza ndi palafini, makaniko wanu adzakuuzani bwino mukabwerako.

Mpando wa mwana wa m'galimoto watsopano ndi wodula, inde. Wanga ndinagula wogwiritsidwapo kale ntchito kwa mayi wina yemwe ana ake anakula. Kokani malamba ake mwamphamvu musanalipire, chifukwa ambiri ogulitsidwa pa Facebook zomangira zake ndi zothyoka, amajambula mbali yabwino yokha.

Chachitatu, kogona

Imbani foni, musamangolemba pa WhatsApp. Mufunse zinthu zinayi: neti zilipo ndipo ndi zosang'ambika, madzi otentha alipo, bulangete lowonjezera lilipo, nanga magetsi akazima amatani. Za bulangete musaseke. Usiku wa July kunyanja, mphepo ikamalowera pazenera la waya, kumazizira ndithu, ndipo malo ambiri amayala nsalu imodzi yokha chifukwa anazolowera alendo a nyengo yotentha. Majuzi ndi zipewa za ana zomwe mumavala kuno tengani, ngakhale za pa kaunjika wa ku Tsoka zikwana.

Musatumize ndalama zonse pa foni kwa munthu yemwe mwangomupeza pa intaneti. Alipo anyamata amaba zithunzi za loji ya eni n'kuikapo nambala yawo. Funsani mnzanu yemwe anagonako akupatseni nambala yeniyeni, mupereke kachigawo kochepa kosungitsira malo, zotsalazo mukalipire mutaona chipinda. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya malo ogona siikhazikika, choncho mtengo womwe mwagwirizana auike pa uthenga. Pakati pa sabata nenererani, amatsitsa, chifukwa zipinda zimakhala zopanda anthu. Sabata ya 6 July yokha ndiye musayembekezere chifundo. Mukapeza kanyumba kokhala ndi pophikira, tengani: ufa, mafuta ophikira, tomato ndi anyezi zochokera kuno zimapulumutsa ndalama zambiri, komanso mwana phala amalifuna 5 koloko m'mawa, ophika a paloji asanadzuke.

Chachinayi, mwera

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kulira maliro.

Mwera ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imawomba panyanja kuyambira cha mu May mpaka August, nthawi zina kufika September. Ikayamba imatha kukhala masiku awiri kapena atatu osapuma. Gombe la Senga Bay linayang'ana kum'mawa, ndiye mafunde amafikira pomwepo. Ku Cape Maclear mapiri amatchinga, n'chifukwa chake m'nyengo ino kumeneko madzi amakhala odekhako pomwe ku Salima kukuwinduka. Zonsezi ndikuzidziwa tsopano. Ulendo woyamba sindinkazilabadira.

Linali tsiku lachiwiri ku Senga Bay, cha m'ma 10 koloko. Ana ankangoloza kachilumba kaja kamaoneka pafupi ndi gombe, ka Lizard Island. Anabwera mnyamata wina wa pagombe, wolankhula mokoma. "Madala, boti lilipo, mphindi 10 tafika. Ana akaone abuluzi ndi nkhwazi." Kamphepo kanalipo koma kosaopsa. Chomwe ndinachiona koma osachimva tanthauzo lake n'chakuti mabwato onse a asodzi anali pamchenga, eni ake atakhala pansi akusoka maukonde. Mkulu wina wa imvi anakweza mutu n'kundifunsa kuti, "Bambo, anawa mukupita nawo kuti lero?" Ndinayankha kuti pachilumba pompa, agogo, tibwera posachedwa. Sananenenso kanthu, anangopitiriza kusoka.

Ma life jacket m'botimo anali atatu, onse a akuluakulu. La wamkulu, yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka 5, linkamufika m'mawondo. Wamng'ono amayi ake anangomufungata. Popita zinali bwino, tinajambula zithunzi, mnyamata uja anaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzaitola, ana n'kuwomba m'manja. Tinakhalako mwina ola limodzi ndi theka.

Pobwerera nyanja inali ina. Mafunde ankamenya boti cham'mbali, madzi n'kumalowa, ndipo aliyense ananyowa mpaka kabudula wamkati. Wamng'ono anasanza pachifuwa pa amayi ake. Wamkulu anandigwira mkono n'kumati, "Adadi, tibwerere kunyumba, adadi." Tili pakati, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta atha. Mnyamata uja anatulutsa kabotolo pansi pa thabwa n'kuyamba kuthira, boti likugwedezeka, theka la mafuta likutayikira m'madzi, mnzake akukapa madzi ndi chigubu chodula. Akazi anga sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Abambo, ana anga." Mawu amenewo ndimawamvabe. Injini inalira pachikoka chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi, sindinawerenge, ndinkapemphera.

Titafika pamtunda, mnyamata uja anati mtengo tinagwirizana uja unali wa munthu mmodzi, ndiye tilipire ka 4. Ndinalipira osatsutsa, miyendo inkanjenjemera. Agogo aja anali pomwe paja, akusokabe.

Ndiye chitani izi. M'mawa uliwonse, musanalonjeze ana chilichonse, pitani kugombe mukaone asodzi. Ngati mabwato ali pamchenga, inunso tsiku limenelo ndi la pamchenga. Afunseni, amayankha mosabisa chifukwa alibe chokugulitsani, pomwe mwini boti la alendo sadzakuuzani kuti lero ayi. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza za mwera pa wailesi, mverani nkhani za madzulo. Ngati kwacha bwino, kwerani boti m'mawa kwambiri ndipo mubwerere dzuwa lisanafike pamutu. Boti lake likhale lomwe a paloji akulidziwa mwini wake. Jekete ya mwana muvekeni muli pamtunda, mumange, kenako muikokere m'mwamba pamapewa: ikakwera mpaka kuphimba makutu, m'madzi idzavuka, si yake. Kulibe ya msinkhu wake, ulendo kulibe. Mafuta a m'thanki muwaone ndi maso anu, musachite manyazi. Mtengo unenedwe momveka kuti ndi wa boti lonse, kupita ndi kubwera, pamaso pa mboni, ndipo mulipire mutaponda mchenga. Ife pano tinagula ma jacket athuathu awiri a ana, amakhala m'buti.

Ngakhale posamba m'mphepete, tsiku la mwera funde limagwetsa mwana n'kumukokera mkati pobwerera. Wamkulu mmodzi akhale m'madzi momwemo, osati pampando ndi foni. Ana akayamba kugwedeza mano atulutseni, thaulo ndi juzi, tiyi.

Mwera umakhudzanso ndiwo. Asodzi akapanda kulowa m'madzi nsomba zimasowa ndipo chambo chimadula. Wina akakubweretserani chambo chotchipa patatha masiku atatu a mphepo, dinani nyama yake ndi chala ndipo muyang'ane maso: ikakhala yofewa, maso otuwa, yagonera. Enanso amatchula nsomba iliyonse yofanana nacho kuti chambo, akaona nambala ya galimoto ya ku Lilongwe. Usipa wouma gulani tsiku lobwerera, osati poyamba, galimoto ingakununkhireni sabata yonse.

Chachisanu, matenda

Udzudzu m'nyengo yozizira umachepa koma kunyanja sutha. Neti usiku uliwonse, zovala zamanja aatali dzuwa likangolowa. Mwana akatentha thupi mutabwerera, ngakhale patapita sabata kapena awiri, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kuti munali kunyanja. Likodzo limabisala m'madzi odekha, a mabango ndi nkhono, makamaka kufupi ndi midzi komwe anthu amachapa ndi kusamba. Ana asambire pamchenga woyera, muwapukute bwino akatuluka, ndipo pakapita miyezi iwiri pitani nawo kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, choncho mapilisi omwe anthu amagulitsa pagombe asiyeni. Pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja musasambepo, ndi malo a ng'ona ndi mvuu.

Zotsalazo

Tsiku lachitatu tapani ndalama ku Salima musananyamuke, chifukwa kutsogoloko ajenti amatha kukuuzani kuti alibe kashi. Imani pa Mua. Mishoniyo inayamba mu 1902, ndipo malo a KuNgoni, omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ali ndi za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Wamkulu anasangalala, wamng'ono ataona za gule anabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake. Ola limodzi lakwana, chimbudzi chilipo.

Ku Cape Maclear, kuchokera pomwe mumapatukira kufupi ndi Monkey Bay ndi makilomita pafupifupi 18. Lowani mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Tengani chitupa cha unzika, Amalawi timalipira zochepa. Pa Otter Point ana amaona nsomba za mbuna zamitundumitundu ataima pamwala, popanda boti. Manda a amishoni a Livingstonia, omwe anafika mu 1875, ali chapomwepo. Chakudya musachisiye poyera, anyani a kumeneko alibe ulemu.

Pobwerera nyamukani m'mawa. Musanakwere Golomoti ana musawadyetse mazira owiritsa ndi zakumwa zashuga, ndinaphunzira. Majumbo awiri akhale pafupi. M'zikhotakhota muja amagulitsa timagalimoto ndi tinjinga tamatabwa, nenererani, amayambira kumwamba. Pa Masasa valani majuzi, pa Bembeke gulani mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo musiye ndalama yapafupi ya pa toll gate ya Kalinyeke. Mchenga m'mipando ndiye mudzautulutsa mpaka September.