Kasamalidwe ka boom ya windsurfing

M'bale wathu wina wa kuno ku Johannesburg, yemwe amasewera windsurfing (kuyenda pamadzi pa thabwa lokhala ndi thanga lokankhidwa ndi mphepo) ku Vaal Dam, wafunsa chochita ndi boom (mpope wogwirira thanga, umene mchira wake umasololedwa kuti utalike) imene yalimba kumchira ndiponso mphira wake wogwirapo wayamba kumatuka.

Choyamba, tsegulani timapini totsekera ndipo musolole chigawo chakumchira pang'onopang'ono. Chikakana, thirani madzi ofunda polumikizira ndi kudikira, koma musachimenye ndi hamala chifukwa mpope wa aluminiyamu umaphwanyika msanga. Mukachitulutsa, tsukani mchenga wonse ndi madzi abwino, makamaka ngati munapita nayo kunyanja ya mchere ngati ku Langebaan, ndipo muyanike zigawozo pamthunzi zili zolekanitsa.

Kenako yang'anani chingwe chimene chimamanga mutu wa boom kumlongoti. Chikayamba kuyoyoka, ikani china tsiku lomwelo, pakuti chikadukira pakati pa damu mudzavutika kwambiri kubwerera kumtunda.

Pa nkhani ya mphira, palani guluu wakale ndi sandipepa, pakani guluu wa contact mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi pafupifupi 10, kenako matani ndi kukulunga ndi tepi kwa maola 24.

Mpope wopindika kapena wang'alu musauwongole; ine ndimaona kuti nkwabwino kugula wina.