Momwe mungatetezere ana ku mtovu ndi poizoni wa m'mapulasitiki pakhomo panu

M'midzi yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje magetsi oyendera dzuwa anafika kale kumene mawaya sanafikebe, ndipo pamodzi ndi magetsiwo panafikanso mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Chifukwa cha kutentha kwa kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, mabatire amenewa sachedwa kufa. Batire likafa limaponyedwa kuseri kwa nyumba kapena pansi pa nkhokwe, pamalo omwewo pamene ana amasewera masanje, ndipo mkati mwake muli makilogalamu angapo a mtovu, chitsulo chimene chimawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda kholo kuzindikira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza. Mu 2020 mabungwe a UNICEF ndi Pure Earth anaulula kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, kutanthauza ana pafupifupi 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika kapena wopitirira mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, mlingo umene ukapezeka pamafunika kufufuza msanga kumene poizoniyo akuchokera. Mwana ndiye amene amavulala kwambiri chifukwa amakwawa pansi, amaika m'kamwa chilichonse chimene wagwira, ndipo thupi lake limayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu. Ukalowa m'thupi umakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri, ndipo mtsikana amene anaumeza ali wamng'ono angathe kudzaupatsira mwana wake wosabadwa, pakuti pa nthawi ya pakati mtovu umatuluka m'mafupa n'kubwerera m'magazi. Nzeru zimene zawonongeka motere sizibwereranso mwakale, n'chifukwa chake ntchito yonse yagona pa kuchotsa gwero la poizoni mwana asanakumane nalo.

Choyamba: chotsani batire lakufa pakhomo

Ili ndilo gawo lofunika kuposa ena onse, ndipo ngati simungathe kuchita china chilichonse cha m'nkhani ino, chitani ili. Yendani pakhomo ponse, kuseri kwa khitchini, m'khola ndi pansi pa bedi, ndipo musonkhanitse mabatire onse a sola, a galimoto ndi a njinga yamoto amene anasiya kugwira ntchito. Liyang'aneni batire lililonse: ngati m'mitu yake mwatuluka ufa woyera kapena wobiriwirako, kapena ngati chikombole chake chang'aluka n'kumadontha madzi, musaligwire ndi manja opanda kanthu, chifukwa madzi amenewo ndi asidi amene amawotcha khungu ndiponso anasakanikirana ndi mtovu. Liimikeni chilili m'beseni lakale la pulasitiki limene simudzaligwiritsanso ntchito ina, ndipo muliike pamalo okwera, otsekedwa, pamene ana ndi nkhuku sangafike. Kukwera kwa malowo n'kofunika kwambiri kuno kwathu. Amene anaona madzi osefukira a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti chilichonse chimene chili pansi chimakokoloka n'kukathera m'dimba, pachitsime kapena m'dambo.

Mukamakagula batire latsopano pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, nyamulani lakalelo ndipo mufunse wogulitsayo ngati amalandira akale, pakuti mtovu wa m'batire uli ndi mtengo ndipo alipo amene amaugula. Koma lipite lathunthu. Musalole wogula zitsulo zakale kuliswa ndi nkhwangwa pabwalo panu n'kukhuthulira asidi pansi kuti katundu wake apepuke, ngakhale atawonjezera ndalama. Musasungunulenso mtovu wake pa mbaula kuti mupange zolemetsa maukonde kapena mbedza, monga amachitira asodzi ena a m'madambo a m'mbali mwa Shire, chifukwa utsi wa mtovu wosungunuka umapumidwa ndi aliyense amene ali pafupi, ndipo fumbi lake limatera pa mbale, pa mphasa ndi pa ufa umene wayanikidwa. Ndimamvetsa kuti msodzi akufuna kupulumutsa ndalama, koma miyala yosalala kapena zidutswa za simenti zimamiza ukonde popanda kudwalitsa ana ake.

Ngati batire linaswedwa kale pakhomo, dothi la pamalopo ndi loopsa, ndipo mtovu suwola ngakhale papite zaka zochuluka bwanji. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi la m'mabwalo amene amasewerako. Choncho thirani madzi pamalopo kuti fumbi lisauluke, palani dothi lapamwamba ndi khasu, liikeni m'thumba lolimba n'kukalikwirira kutali ndi chitsime, mjigo ndi dimba, kenako mukwirire malowo ndi dothi lochokera kwina kapena muwake ndi simenti. Pamenepo pasadzalidwe masamba odya. Mabatire ang'onoang'ono a tochi ndi a wailesi nawonso asamaphwanyidwe, ndipo ufa wakuda wa mkati mwake usagwiritsidwe ntchito podetsa pansi pozira nyumba kapena popaka bolodi la ana.

Chachiwiri: samalani penti

Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project linachita m'Malawi mu 2020 anapeza mtovu wochuluka mu penti zambiri za mafuta zimene zinkagulitsidwa m'masitolo, ndipo kuchokera pamenepo bungwe la Malawi Bureau of Standards linalimbikitsa kuyendera opanga penti. Zinthu zasintha ndithu, koma penti imene inapakidwa kale pa zitseko, pa mawindo, pa mabedi achitsulo ndi pa makatungwe a kusukulu za mkombaphala idakalipo, ndipo ikayamba kusuwa imasanduka fumbi. Mitundu yowala monga yachikasu ndi yofiira ndiyo imene kawirikawiri imakhala ndi mtovu wambiri. Pogula, sankhani penti yosungunulira ndi madzi pa makoma a m'nyumba, ndipo ngati mukufunadi ya mafuta, werengani pachitini kuti muone ngati alembapo kuti mulibe mtovu. Pochotsa penti yakale musaikhule youma kapena kuiwotcha ndi moto. Inyowetseni kaye, yalani pansi thumba lotolerapo zogwa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera achoke pakhomo mpaka mutamaliza kukolopa. Chitini cha penti chikatha chisasanduke chotungira madzi kapena chosungira thobwa.

Chachitatu: yang'anani m'khitchini

Mapoto olemera osungunula, amene amisiri amaumba kuchokera ku zitsulo zakale, amakondedwa chifukwa ndi otchipa ndiponso amapirira moto wa nkhuni. Vuto lake ndi lakuti m'zitsulo zosungunulidwazo mumalowa zidutswa za injini, za marediyeta ndi za zipangizo zamagetsi, ndipo kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa anasonyeza kuti mapoto otere amatulutsira mtovu ndi chitsulo china chapoizoni chotchedwa cadmium m'chakudya, makamaka chikakhala chowawasa. Si banja lililonse limene lingataye mapoto ake lero n'kugula atsopano. Chimene chingatheke ndi kupatula poto mmodzi wabwino, wa chitsulo chosachita dzimbiri, kuti akhale wophikira phala la mwana basi. M'mapoto osungunulawo musanyikemo bwemba kapena malambe, musasungiremo thobwa, ndipo ndiwo za matimati zikapsa zisagonemo mpaka m'mawa.

M'khitchini momwemo ndi mmene mapulasitiki amakumana ndi moto. Popanga zinthu za pulasitiki amathiramo mankhwala ofewetsa otchedwa phthalates ndi ena olimbitsa monga BPA, ndipo mankhwala amenewa amasokoneza mahomoni amene amatsogolera kakulidwe ka mwana ndi ziwalo zake zoberekera. Amatuluka mosavuta pulasitiki ikatenthedwa, ikakhudzana ndi mafuta, kapena ikakalamba n'kukandika. Nawa makhalidwe amene tinawazolowera koma ayenera kutha: kuvundikira mbatata, chimanga kapena mpunga ndi jumbo zili pamoto kuti zipse msanga, kukulunga nsima yotentha m'jumbo popita nayo kumunda, ndi kulandira tchipisi kapena mandasi ongochoka m'mafuta m'kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Masamba a nthochi, amene m'madimba a kuno sasowa, amavundikira mphika bwino lomwe, ndipo mbale yachitsulo yokhala ndi chivundikiro imafikitsa nsima kumunda ikadali yotentha. Boma linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti mapepalawo akuonekabe m'misika. Lamulolo linabwera pofuna kuteteza chilengedwe, koma kholo lili ndi chifukwa chinanso chowakanira.

Kuyatsira moto ndi jumbo kapena chidutswa cha patapata ndi chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mayi amachita zimenezi atawerama pa mafuwa, akuuzira motowo, mwana ali kumbuyo, ndipo utsi wakudawo umadutsa pankhope pa onse awiri m'khitchini yopanda zenera. Mapulasitiki akamapsa, makamaka a mtundu wa PVC, umene amapangira mapaipi ndi zokutira mawaya, amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin amene amakhalitsa m'thupi ndipo amayambitsa khansa. Sungani udzu wouma, zitsononkho kapena tizidutswa ta nkhuni pamalo osanyowa kuti zikhale zoyatsira. Zinyalala za pulasitiki zikwirireni m'dzenje lakutali ndi madzi, musazitenthe pabwalo, ndipo mawaya a magetsi asawotchedwe pakhomo pofuna kutulutsa mkuwa.

Pa madzi akumwa, gwiritsani ntchito mtsuko kapena ndowa yopangidwira zakudya, ndipo zigubu zisakhale padzuwa tsiku lonse. Zigubu ndi mabotolo amene munali mankhwala opopera thonje, oyilo wa galimoto kapena asidi sizitsukika mokwanira ngakhale mutapaka sopo kangati. Kuwiritsa madzi kumapha majeremusi koma sikuchotsa mtovu. Pansi pa ziwiya zambiri za pulasitiki pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala: pa zakudya sankhani 2, 4 kapena 5, ndipo mupewe 3, 6 ndi 7. Khanda liyamwe mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo likayamba kumwa zina, kapu yachitsulo ndi supuni ndi zabwino kuposa botolo la pulasitiki lakale limene limathiridwa madzi owira tsiku ndi tsiku. Maiko a European Union analetsa BPA m'mabotolo a ana mu 2011, koma botolo lopanda dzina la pamsika silinena chimene analipangira.

Chachinayi: mafuta odzola, dothi lodya ndi zidole

Mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu zimakhala ndi mercury, chitsulo chimene chimawononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Mayi akadzola, poizoniyo amatsalira pa chitenje choberekera, pa thawulo ndi pa khungu limene mwana amatsamira, ndipo amadutsanso mu mkaka wa m'mawere. Mukaona pa botolo mawu akuti mercury, mercurous kapena calomel, kapena ngati botololo silinalembedwe zimene zilimo, lisiyeni. Amayi oyembekezera amene amalakalaka dothi adziwe kuti dothilo lingakhale ndi mtovu ndi poizoni wina wotchedwa arsenic, ndiponso kuti chilakolakocho nthawi zambiri chimasonyeza kuchepa kwa magazi, choncho akanene kusikelo kuti alandire mapilitsi owonjezera magazi. Zidole zofewa zonunkha pulasitiki kwambiri, mikanda yachitsulo yotchipa, makiyi ndi mafoni akufa zisaperekedwe kwa mwana amene akumera mano.

Chachisanu: fumbi, manja ndi chakudya

Wazani madzi musanasese, ndipo pansi pa simenti muzikolopa. Mwana asambe m'manja ndi sopo asanadye chilichonse, ngakhale masau ochepa, ndipo adyere pa mphasa yoyera. Bambo amene amakonza mabatire, mawailesi ndi mafoni, kapena amene amawotcherera zitsulo ndi kupaka penti, asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha.

Mwana wanjala amayamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta, ndipo thupi limene likusowa ayironi ndi kashiamu limautenga mtovuwo ngati kuti ndi chakudya chimene likufuna. N'chifukwa chake phala la m'mawa lisaphonyedwe, ndipo m'zakudya za mwana muzipezeka nsomba zing'onozing'ono zodya ndi minga yomwe monga matemba ndi usipa, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso, masamba a chamwamba, mazira, ndi mkaka wowiritsa kwa amene ali ndi ng'ombe. Malambe ndi masau zili ndi vitamini C amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Chakudya chimachepetsa kuvulala, koma sichilowa m'malo mwa kuchotsa batire ndi penti yosuwa.

Chachisanu ndi chimodzi: pitani kuchipatala ndipo mutchule chimene mukukayikira

Ana ambiri amene ali ndi mtovu m'magazi saonetsa chizindikiro chilichonse. Ena amadandaula za m'mimba kawirikawiri, amadzimbidwa, safuna kudya, amachepa magazi, amakwiya msanga, amachedwa kuyankhula kapena amayamba kubwerera m'mbuyo kusukulu. Mtovu ukachuluka kwambiri mwana amasanza, amawodzera modabwitsa, amakomoka ndipo angathe kumwalira, monga zinachitikira ku Zamfara m'dziko la Nigeria mu 2010, kumene ana oposa 400 anafa chifukwa cha fumbi la miyala ya golide yokhala ndi mtovu imene inkaperedwa m'makomo. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo ndi za njoka za m'mimba, ndipo pamudzi ena amathamangira kunena za ufiti, motero dokotala sangaganize za mtovu ngati inu simunautchule. Muuzeni momveka kuti pakhomo panaswedwa batire, kapena kuti mwana amatafuna penti, kapena kuti bambo ake amagwira ntchito ya zitsulo, ndipo mufunse ngati magazi ake angayezedwe kapena ngati angatumizidwe ku chipatala chachikulu. Mwana amene wakomoka kapena wamwa madzi a m'batire athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, osamusanzitsa. Mukatero dziwitsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi a mfumu, kuti ana ena onse amene amasewera pabwalo lomwelo, a pakhomo panu ndi a oyandikana nawo, aonedwe ndi achipatala ngakhale akuoneka athanzi.