Momwe mungachitire lendi ofesi mumzinda wa Tete osadzalira pambuyo pake

Amalonda ambiri ochokera ku Ulongwe, Tsangano, Furancungo ndi ku Zóbuè akafuna kutsegula ofesi ku Tete, m'dziko la Mozambique, funso lawo loyamba limakhala la mtengo wa lendi. Funsolo ndi lofunika, koma mumzinda uno ndalama zimatayikira kwina: pa magetsi oziziritsira zipinda, pa maulendo owoloka Zambezi tsiku ndi tsiku, ndi pa mapepala amene munthu sanawaone asanapereke ndalama. Tsatani ndondomeko iyi momwe yalembedwera, ndipo nkhani ya mtengo muikambe pomaliza.

1. Sankhani tsidya la mtsinje

Zambezi anadula mzindawu pakati. Tsidya la mzinda wakale ndi kumene kuli maofesi a boma la chigawo, makhoti, a misonkho ndi mabanki ambiri. Tsidya linalo kuli Matundo ndi Chingodzi, bwalo la ndege, ndi msewu wa N7 wopita ku Moatize, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, mpaka kukafika ku malire a Zóbuè.

Lembani malo asanu amene antchito anu azipitako kawirikawiri pa sabata. Loya, wowerengera ndalama kapena bungwe logwira ntchito ndi boma akhale mumzinda wakale. Wogulitsa katundu ku migodi ya malasha, kapena woyendetsa mapepala a katundu wodutsa pa malire, akhale ku Matundo kapena ku Chingodzi. Mlatho wa Samora Machel ndi wopapatiza, ndipo m'mawa ndi madzulo pamakhala mzere. Magalimoto olemera amadutsa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, choncho ngati ntchito yanu ndi ya mathiraki, onani kuti ofesi ikufikirika bwanji kuchokera kumeneko.

Tsidya la Chingodzi lili ndi vuto lake. Mtsinje wa Revúbuè unasefukira mu Malichi 2019, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga mlatho wake wolumikiza Tete ndi Moatize. Si dera lonse limene limalowa madzi, ndiye yang'anitsitsani nyumbayo payokha. Penti yatsopano yongolekezera m'chiuno, zitseko zotupa kumunsi, masoketi a dzimbiri, zonsezi zimaulula pamene madzi anafika. Funsani mlonda wa nyumba yoyandikana, osati wa nyumba imene mukuifunayo.

2. Yezani malo ndi tepi yanu

Munthu mmodzi wa pa desiki amafuna masikweya mita 8 mpaka 10, kuphatikiza poyenda ndi poika makabati. Antchito 6 ndiye kuti mamita 50 kapena 60. Onjezerani 15 a chipinda cha misonkhano, kenako polandirira alendo ndi kakhitchini. Eni nyumba ena amawerengera khonde, masitepe ndi makoma pa mamita amene akulengeza, ndiye bwerani ndi tepi muyeze mkati mwa zipinda zenizenizo. Muwerengenso malo oimika magalimoto amene adzakhale anuanu.

3. Kaoneni nyumbayo 2 koloko masana

Apa ndi pamene anthu ozolowera kuzizira kwa ku Angónia amapusitsika. Ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Nyumba imene mwaiona 8 koloko m'mawa mu Juni siikuuzani kanthu.

Imani m'chipinda chimene mawindo ake ayang'ana kumadzulo ndipo mugwire khoma. Nyumba zatsopano za magalasi okhaokha kumaso zimakongola pa zithunzi, koma ngati magalasiwo alibe chotchinga dzuwa, masana chipindacho chimasanduka uvuni. Mukakhala pansanjika yapamwamba, funsani chimene chili pakati pa malata ndi siling'i. Ngati palibe chotchinga kutentha, eyakoni idzalira tsiku lonse osapuma.

Eyakoni ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) imakwanira chipinda cha mamita 15 mpaka 20, ndipo kuno werengerani 15, makamaka ngati muli anthu angapo ndi makompyuta. Pemphani kuti ayatse maeyakoni onse nthawi imodzi, pamodzi ndi magetsi ena onse, muwasiye kwa mphindi 30. Onani ngati buleka sikugwa. Ikani dzanja pamene mphepo ikutulukira: ikakhala yofunda, mwina gasi watha kapena makina a panja atsekeka ndi fumbi. Madzi akamadontha m'kati, paipi yotayira madzi yatsekeka. Zonsezi ndi zokonzeka, koma zikonzedwe ndi eni nyumba musanalowe, chifukwa mukangolowa zasanduka zanu.

4. Magetsi, madzi ndi intaneti

Damu lopanga magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino, komabe magetsi amathima ndipo mphamvu yake imakwera n'kutsika. Choyamba, ofesi ikhale ndi mita yakeyake ya Credelec, yogulira mayunitsi. Mita yogawana ndi oyandikana nawo imabala mkangano mwezi uliwonse, chifukwa palibe amavomera kuti eyakoni yake ndi imene ikudya mayunitsi.

Funsani ngati magetsi ndi a monofásico (a laini imodzi ya moto) kapena trifásico (a malaini atatu), komanso mphamvu imene eni nyumba anagwirizana ndi EDM, kampani ya magetsi. Ofesi ya maeyakoni 4 kapena kuposerapo imayenda bwino pa trifásico. Werengeranitu ndalama zake. Eyakoni ya 12,000 BTU imadya pafupifupi 1.1 kW. Maeyakoni anayi, maola 9 pa tsiku, masiku 22, akhoza kufika 870 kWh pa mwezi wotentha, musanawerengere makompyuta ndi firiji. Chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi, muwonjezere pa lendi. Nambala imeneyo ndi imene muziyerekeza nayo nyumba ziwiri.

Akakuuzani kuti pali jenereta, musakhutire ndi kuiona. Ailize muli pomwepo. Kodi imayaka yokha magetsi akathima, kapena mpaka mlonda abwere? Imanyamula maeyakoni kapena mababu okha? Dizilo amagula ndani, ndipo amagawana bwanji? Bwerani ndi wamagetsi wanu atsegule bokosi la mabuleka, aone ngati waya wa pansi ulipodi. M'nyengo ya mvula ziphaliwali zimapsereza makompyuta ndi maprinta m'nyumba zimene waya ameneyu anangoikidwa mwa dzina. UPS (batire yothandiza kuti makompyuta asazime magetsi akathima) komanso chokhazikitsa mphamvu ya magetsi muzigulebe nokha.

Pa madzi, tsegulani mpopi wa m'chimbudzi chapamwamba kwambiri muone mphamvu yake. Funsani kukula kwa thanki ndiponso ngati pampu ikugwira ntchito. Werengerani malita 40 kapena 50 pa munthu pa tsiku, ndipo thanki isunge a masiku awiri kapena atatu.

Pa intaneti, tengani masimu a Vodacom, Movitel ndi Tmcel, muyese m'chipinda cham'katikati zitseko zili zotseka. Makoma okhuthala a nyumba zakale amapha netiweki. Imbirani kampani ya faiba ikutsimikizireni kuti waya wake wafika pamsewu umenewo, musadalire mawu a wotsatsa nyumba. Ngati mudzafuna kuboola khoma kapena kuika mbale ya Starlink padenga, chilolezo chake chilembedwe m'pangano.

5. Mapepala a nyumba, musanapereke ngakhale metikali imodzi

M'dziko muno nthaka ndi ya boma. Munthu amakhala ndi DUAT, ufulu wogwiritsira ntchito malowo, koma nyumba imene yamangidwapo imakhala yake ndipo imalembetsedwa ku Conservatória do Registo Predial, ofesi ya kaundula wa nyumba. Pemphani certidão (kalata ya umboni) yaposachedwa yochokera kumeneko, muyerekeze dzina lili pamenepo ndi la pa BI (chiphaso cha unzika) ya amene mukukambirana naye. Akakhala woimira mwini, aonetse procuração, kalata yomulola kubwereketsa nyumbayo. Ikakhala kampani, muone amene ali ndi mphamvu yosainira.

Samalani kwambiri ndi nyumba zamasiye. Mwana mmodzi amakuchititsani lendi, pakatha miyezi itatu abale ake n'kutulukira kuti sanavomereze. Pemphani habilitação de herdeiros, kalata yotchula olowa chuma cha womwalirayo, ndipo olowa chumawo asaine onse kapena apereke mphamvu kwa mmodzi molemba. Nyumba zina zakale za pakati pa mzinda zinatengedwa ndi boma mu 1976 n'kuikidwa m'manja mwa APIE, bungwe loyang'anira nyumba za boma. Zambiri zinagulitsidwa kwa okhalamo, koma ngati munthu sanamalize kugula, iyenso ndi walendi, ndipo sangakubwerekeni mwa iye yekha.

Maofesi ambiri a ku Tete anali nyumba zogona. Pitani ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka ziphaso za malonda, ndi adiresi ya nyumbayo, mufunse ngati ntchito yanu ingapatsidwe alvará (chiphaso chochitira malonda) pamalo amenewo ndi zimene oyendera adzafune kuona, monga zozimitsira moto, zimbudzi ndi potulukira. Ndi bwino kumva zimenezi musanasaine.

Komisiyonista, wotsatsa nyumba uja, ndi wothandiza, chifukwa nyumba zambiri zabwino sizilengezedwa paliponse. Koma gwirizanani poyambirira kuti amulipira ndani komanso zingati, ndipo alandire pangano litasainidwa. Lendi ndi chikole zisadutse m'manja mwake. Akamakuthamangitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni wina uja atenge.

6. Pangano

Likhale lolembedwa m'Chipwitikizi, loya aliwerenge, ndipo siginecha zonse zikatsimikizidwe kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo. Banki, a misonkho ndi BAÚ adzalifuna.

Mtengo ulembedwe m'metikali. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, lendi ya ku Tete inakwera koopsa ndipo ambiri anazolowera kutchula madola. Kenako kampani ya Rio Tinto inagulitsa migodi yake mu 2014, Vale nayo n'kugulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022. Msika wa nyumba kuno umakwera ndi kutsika motsatira malasha, ndiye musadzimange zaka zisanu popanda potulukira. Chaka chimodzi kapena ziwiri, chokhala ndi ufulu wowonjezera, n'chokwanira kwa oyamba kumene. Pangano linene kuti mukhoza kuchoka mutachenjeza masiku 60 kapena 90, ndiponso kuti lendi ingakwere kamodzi kokha pa chaka, osapitirira peresenti imene mwagwirizana.

Nkhani ya misonkho ndi imene imayambanitsa anthu amene anayamba bwinobwino. Funsani ngati mtengo umene wanenedwa uli kale ndi IVA (msonkho wowonjezera pa mtengo) ya 16% kapena idzawonjezedwa. Kampani yosunga mabuku mwadongosolo ikamachita lendi kwa munthu wamba, imadula msonkho pa lendiyo n'kukapereka ku Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho. Eni nyumba akapanda kuuzidwa, mwezi woyamba amaona ngati mwawabera. Khalani pansi ndi wowerengera ndalama wanu, mulembe nambala ziwiri m'panganomo: lendi yonse, ndi imene izilowa mu akaunti ya eni nyumba. NUIT (nambala za msonkho) za mbali zonse ziwiri zilembedwe. Msonkho wa nyumba wa IPRA ndi wa mwini nyumba, wa malonda wa TAE wopita ku khonsolo ya mzinda ndi wanu, ndipo panganolo lilipiridwe imposto do selo, msonkho wa pa zikalata.

Chikole chilembedwe kuti ndi cha miyezi ingati, chidzabwezedwa pakatha masiku angati, ndipo chingadulidwe pa zifukwa ziti. Gawanani zokonza motchula chinthu chilichonse. Denga, mapaipi a m'khoma, mawaya ndi pampu ndi za eni nyumba. Mababu, maloko ndi kutsuka maeyakoni miyezi itatu iliyonse ndi zanu. Kompuresa ya eyakoni ikapsa, adzagule ndani? Lembani, chifukwa ndiye gawo lodula kwambiri pa makina onsewo. Ngati muika makoma ogawa zipinda, mabagala kapena eyakoni yanu, pangano linene ngati mudzachotsa pochoka kapena zidzadulidwa pa lendi. Pakakhala ndalama ya mlonda, zinyalala ndi jenereta, itchulidwe payokha pamodzi ndi zimene ikulipirira.

Mukafika apa ndi pamene mukambe zotsitsa mtengo, muli ndi mndandanda wa zofunika kukonza m'manja. Eni nyumba ambiri amakana kutsitsa lendi koma amavomera mwezi umodzi waulere woti mukonzere malo.

7. Tsiku lolandira makiyi

Yendani chipinda ndi chipinda pamodzi ndi eni nyumba. Jambulani makoma, matailosi osweka, mawindo, zimbudzi ndi eyakoni iliyonse pamodzi ndi nambala yake. Lembani nambala ya mita ya Credelec ndi mayunitsi otsala, mulembenso pamene mita ya madzi yafika, ndipo muone risiti yomaliza ya madzi kuti musalowe m'ngongole ya amene anatuluka. Werengani makiyi ndi marimoti. Mndandandawo musaine nonse awiri, aliyense atenge wake, umatidwe ku pangano. Maloko a zitseko zakunja asinthidwe tsiku lomwelo. Lendi muzilipira kudzera ku banki, mu akaunti ya dzina limene lili m'pangano, ndipo mwezi uliwonse muzilandira risiti yokhala ndi NUIT ya eni nyumba, chifukwa popanda imeneyo a misonkho sadzaiwerengera lendiyo ngati ndalama yoyendetsera ntchito.